Mahedifoni Akupsa M'kabati

Akazi anga anaimbako mu bandi. Ndakhala ndikunena zimenezi kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, koma umboni ndinalibe. Inali nyimbo imodzi yokha, pa sidi imodzi yokha, ife tisanakumane n'komwe. Bandiyo inatha kalekale. Oimba ake ena anamwalira, ena ananenepa n'kuyamba kugulitsa matayala. Pachikuto cha sidiyo pali mayina a amuna asanu, kenako pansi penipeni, m'tizilembo tofuna magalasi, analembapo kuti "ndi atsikana oyankhira". Atsikanawo anali anayi. Akazi anga amati iwo anali wachinayi, ndipo anawaimika kumapeto, kumanzere, kutali ndi maikolofoni, chifukwa mawu awo anali aakulu.

Vuto linali alamu anga, achimwene awo a akazi angawo. Munthu ameneyu amayendetsa ambulansi, ndipo pakamwa pake palibe mabuleki. Iwo ankati tsiku limenelo mlongo wawo anangoperekeza mnzake ku situdiyo n'kupatsidwa ntchito yosunga zikwama. Akabwera kwathu Lamlungu, asanakhale pansi n'komwe, ankayamba: "Woimba wathu wamkulu ali kuti? Timupatse moni asanakwere ndege." Poyamba akazi anga ankatsutsa mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Kenako anayamba kungoseka nawo. Zaka zaposachedwazi anasiya ngakhale kusekako, ankangonyamuka n'kulowa kukhitchini, ndipo zimenezo n'zimene zinkandipweteka ine.

Ine ndimadula makiyi. Kashopu kanga kali pansi pa masitepe a nyumba ya maofesi, pakati pa wosoka nsapato ndi mayi wa fotokope. Makina anga amalira tsiku lonse, choncho ndimatseka m'makutu ndi thonje, chifukwa makutu ndiwo chuma changa. Ena amamwa, ena amatchova juga, ine matenda anga ndi mahedifoni. Ndinayambira timawaya tolowetsa m'khutu, ndinakwera n'kufika pa ophimba khutu lonse, ndipo nthawi iliyonse ndikagula atsopano, nyimbo yoyamba kuyesera inali yomweyo. Ndi nyimbo yovina, ya munthu wodandaula za m'nyumba mwake, ndipo atsikana amayankhira kuti: "Sopo wasowa, sindisamba." Ndinkadziwa pamene woimba gitala amasuntha chala pansambo, ndinkadziwa pamene mpando wa woimba ng'oma umalira. Koma atsikana anayi aja ankangomveka ngati munthu mmodzi wa mawu okhuthala.

Lamlungu lina alamu anapitirira muyezo. Anabwera ndi pepala ndi cholembera kuti mlongo wawo awasainire. Ine ndinalephera kupirira. Ndinaimirira supuni ili m'manja, n'kulumbira pamaso pa onse kuti pakutha pa masabata awiri adzamva mawu a mlongo wawo ndi makutu awo omwe.

"Ndidzabwera nditawatsuka, alamu," anatero, akupinda pepala lija.

Ndinagulitsa mahedifoni anga akale n'kugula amene ndinakhala ndikuwasirira kwa zaka zitatu. Mtengo wake musandifunse, ena mwa inu muli ndi mtima wofooka. Tsiku limene bokosi linafika ndinatseka shopu dzuwa likuswa mtengo, ndinasamba m'manja kawiri, kenako ndinatsegula. Abale inu! Anali aakulu, akuda, a zogona m'makutu zofewa ngati tsaya la khanda, kunja kwake kuli timabowo ngati sefa. Ndinawanunkhiza. Ndinawapsompsonanso, sindikana, wosoka nsapato anaona. Ndinawalumikiza ku foni, ndinawavala, ndinatsinzina, n'kudina.

Kunamveka kaphokoso ka udzudzu. Ndinakweza voliyumu mpaka kumapeto, koma ng'oma zinkamveka ngati munthu akugogoda pakhomo la nyumba yachitatu. 

Ndinathamangira kwa a Waya. A Waya ndi wokonza mawailesi, nkhalamba yowonda imene imagwira ntchito m'kachipinda ka pamwamba pa ometa tsitsi, kumapeto kwa msewu wathu. Amavala magalasi awiri nthawi imodzi, ndipo m'chipinda mwawo mumanunkha mtovu wosungunuka. Anatembenuza mahedifoni aja, nawerenga kanambala ka pabokosi, kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi onse awiri.

"Awa ndi adyera, bambo," anatero. "Amafuna mphamvu zambiri kuti agwedezeke. Foni yanuyo ili ngati mwana akukankha lole."

"Ndiye akankhe ndani?"

"Ampulifaya. Koma si iliyonse. Inu mumadula makiyi, mukudziwa kuti kiyi akhoza kulowa mu loko koma osatsegula."

Anatsitsa maampulifaya atatu pashelefu, ine ndinatulutsa sidi m'thumba. Yoyamba inkang'ung'udza ngati firiji, tinaibwezera pomwepo. Yachiwiri inali kabokosi kakuda, kosakongola n'komwe, kolemera ngati njerwa. Nditavala mahedifoni ndinatsala pang'ono kugwa pampando. Makoma a kachipinda ka a Waya anachoka. Woimba gitala anali apa, wa ng'oma kumbuyo kwanga, wotsogolera nyimbo patsogolo panga mpaka ndinafuna kumufunsa kuti ana ali bwanji. Ndinkaseka ndekha, miyendo ikuvina pansi pa tebulo. Koma atsikana atangolowa, khutu langa lakumanzere linabayidwa. Tswii! Kamluzu kowonda, kakuthwa, pa "s" aliyense. Sopo, tswii. Wasowa, tswii. Sindisamba, tswii kawiri.

Ndinavula msanga. "Iyi ikuliza mluzu."

"Iyo siinama," anatero a Waya. "Imangopereka zimene zilimo."

"Ayi, bambo. Nyimbo iyi ndaimvera kuposa amene anaiimba. Mulibe mluzu."

A Waya anangotukula mapewa n'kulumikiza yachitatu. Imeneyi inali ndi mababu awiri agalasi pamwamba, amene ankayaka pang'onopang'ono mpaka kufiira ngati makala. Mawu ake anali ofunda, osalala, okoma ngati tulo ta m'mawa, ndipo kamluzu kaja kanasoweratu. Ndinaikonda pomwepo. Kungoti atsikana aja anali akadali munthu mmodzi.

"Mahedifoniwo ndi atsopano, sanapse," anatero a Waya. "Kachikopa kam'katimo kakadali kouma. Asiyeni aziimba okha maola zana limodzi osazimitsa, kuti apse. Ena amati n'zabodza, koma ine sindikangana ndi kasitomala wosangalala."

Ananenanso zina zokhudza mababu ndi mpweya, koma ine ndinali kale pamasitepe, ampulifaya nditaifungata ngati mwana wobadwa kumene.

Nyumba yathu ndi yaing'ono, ndipo mahedifoni a timabowo amatulutsa mawu kunja. Sindinafune kuti akazi anga amve nyimbo imeneyo masiku anayi otsatizana, choncho ndinaganiza zanzeru. Ndinawapempha kuti atulutse zovala zawo za sabata yonse m'kabati. Kenako ndinalowetsamo choimbira sidi, ampulifaya ya mababu ija, ndi mahedifoni atavekedwa pilo, pilo atafunditsidwa bulangete. Waya ndinadutsitsa pakabowo kakumbuyo. Nditatseka chitseko sipanamveke kanthu.

"Mayi, kabati musatsegule mpaka Lachisanu," ndinatero. "Muli mahedifoni akupsa."

"Akupsa? Nditunge madzi?"

"Ayi, osati kupsa kumeneko. Kupsa kwa nthochi."

Akazi anga amasita masuti kumalo ochapira zovala, ndipo ali ndi kayang'anidwe kamene amayang'ana nako suti yobwera ndi banga losadziwika. Anandiyang'ana choncho kwa nthawi ndithu.

"Anzanga anakwatiwa ndi anthu," anatero. "Ine ndinakwatiwa ndi wovundika mahedifoni."

Masiku otsatirawo sindinali munthu. Ndinkalemba maola ndi choko pakhoma la shopu. Kasitomala aliyense ndinkamuuza za maola zana, ngakhale wongofunsa njira. M'mawa ndinkagunditsa khutu pachitseko cha kabati n'kunena kuti, "Pitirizani, ana anga."

Lachitatu masana, ndili pakati podula kiyi wa mayi wina wa lendi, foni inalira. Anali akazi anga, amene tsiku limenelo anaweruka msanga.

"Bambo, bwerani. Zinthu zanu zapsa."

Ndinayang'ana pakhoma. Maola makumi anayi ndi asanu okha! Ndinakuwa mpaka mayi wa fotokope anagwetsa mapepala. Zinthu zapamwamba sizichedwa kupsa, ndinatero mumtima, ndipo mawu ake akoma mpaka akazi anga awamva kudutsa bulangete ndi chitseko. Ndinagwira wosoka nsapato m'chiuno n'kuvina naye, iye nsapato ya munthu ili m'manja. Mayi wa lendi ndinamupatsa kiyi wodula theka, ndinamuuza kuti theka linalo abwere mawa. M'basi ndinauza kondakitala kuti kwathu zapsa, iye anandipepesa, ine ndinamuuza kuti asapepese, andiyamikire. Anthu anasuntha n'kundisiyira mpando wonse.

Fungo ndinakumana nalo pageti. Mawindo onse anali otsegula. Pakhonde panali jekete langa la ukwati, kumsana kwake kuli bowo loti mutu wanga n'kulowa. Linaterereka pahang'ala n'kugwera pa mababu otentha aja. Pambali pake panali beseni, ndipo m'besenimo munali ampulifaya yanga, ikudontha madzi, mababu onse awiri atasweka. Apa m'pamene ndinakumbukira mawu a a Waya okhudza mpweya.

Tsiku limenelo zinapsa zinthu zitatu: jekete, ampulifaya, ndi mtima wa akazi anga. Zimene ndinavundika ine sindikudziwa mpaka lero ngati zinapsa.

Akazi anga ndinawapeza kuchipinda atakhala pabedi. Mahedifoni anali pambali pawo, osavulala. Ndinayamba kupepesa za moto, za utsi, za makatani, koma anandidula.

"Jekete ndi lanu, mulira nokha." Anakweza sidi ija. "Iyi ndiyo yakhala ikuimba m'kabatimu masiku onsewa?"

"Ndimafuna mahedifoni aizolowere, mayi."

"Bambo, mukufuna kundichititsa manyazi."

"Ine? Ndikufuna kutseka pakamwa pa alamu!"

"Nanga mukapeza kuti ine mulibe?"

Ndinakhala pansi, chifukwa funso limenelo linali lisanandifikepo m'mutu. Akazi anga anayamba kulankhula akuyang'ana sidi ija, osati ine. Anati kuimba anaimbadi. Akukumbukira kababu kofiira pamwamba pa chitseko, akukumbukira kapeti yonunkha fodya. Koma munthu wojambula mawu, amene anali kuseri kwa galasi, ankangowalozera ndi dzanja kuti abwerere m'mbuyo, abwererenso, abwererenso, mpaka msana wawo unagunda khoma. Sidi itatuluka anaimvera kakhumi osadzipeza.

"Panopa achimwene amangoseka, koma sakudziwa," anatero. "Inenso sindikudziwa. Inu mukabweretsa makina omva chilichonse, n'kundisowa, ndiye kuti tonse tadziwa."

Ndinachita mantha, ndipo ndinachita manyazi. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti ndikumenyera nkhondo akazi anga, osadziwa kuti ndikukumba pamene iwo anakwirira dala. Ndinati ndiimbira alamu ndiwauze kuti makina apsa, nkhani ithere pomwepo. Akazi anga anapukuta sidi ija ndi nsonga ya diresi.

"Munalumbira kale pamaso pa anthu," anatero. "Kapezeni ampulifaya ina. Koma ine sindivala."

Nditabwerera n'kuwafotokozera, a Waya anaseka mpaka kutsokomola, anavula magalasi amodzi n'kupukuta misozi. Anati mababu ena angafike pakatha mwezi. Yomwe inalipo inali njerwa yakuda ija, yoliza mluzu. Ndinaitenga mtima uli pansi.

Masiku otsalawo ndinalimbana nayo. Ndinene zoona, njerwayo inali ndi luso. Kwa nthawi yoyamba atsikana aja anapatukana, ndipo ndinkatha kuwawerenga: mmodzi, awiri, atatu. Koma kumanzere kwenikweni, kumene kunayenera kukhala akazi anga, kunali kamluzu kaja basi. Ndinapukuta mapulagi ndi sipiriti. Ndinasintha waya. Ndinatsuka sidi ndi sopo weniweni. Kamluzu kanali pomwepo, tswii, tswii, ngati kakundinyoza.

Lamlungu alamu anafika nthawi yabwino, kathonje kotokosera m'makutu atakapanika kuseri kwa khutu ngati pensulo.

"Ndatsuka onse awiri, alamu. Woimba wathu ali kuti?"

Woimba wathu anali pakhomo la khitchini, kansalu kopukutira mbale kali m'manja. Ndinaika mpando pakati pa balaza, njerwa patebulo, ndinalumikiza zonse.

"Alamu, ndinene kaye," ndinatero. "Makina enieni anapsa. Awa ndi obwereka, ndipo ali ndi vuto. Kumanzere muzimva kamluzu, musakalabadire, mumvetsere kuseri kwake."

"Mwayamba kale kupepesa mpira usanayambe," anatero alamu, akuvala mahedifoni.

Ndinadina. Alamu anadzidzimuka n'kucheuka kumbuyo.

"Eee! Wa ng'oma ali kumbuyo kwangaku!" Ankakuwa, monga amachitira aliyense wovala mahedifoni. "Alamu! Mwawalowetsa bwanji anthu onsewa m'nyumba muno? Tamverani gitala! Mayo ine!" Ankagwedeza mutu, akumenya ntchafu, mpando ukulira. Ngakhale ine, ndi mantha anga onse, ndinayamba kumwetulira.

Kenako atsikana analowa. Ndinadziwa chifukwa mutu wa alamu unasiya kugwedezeka. Dzanja lawo linaima m'malere. Anapendeketsa mutu kumanzere, nakanikiza hedifoni ya mbali imeneyo ndi chikhatho.

"Bwezerani," anatero, tsopano motsitsa mawu.

Ndinabwezera. Anamvetsera atatsinzina. Atamaliza anavula mahedifoni pang'onopang'ono n'kuwaika pamiyendo.

"Alamu, mwati kamluzuka ndi vuto la makina?"

"Eya. Ndayesa zonse, sikakuchoka."

"Sikangachoke. Limeneli ndi dzino."

"Dzino?"

"Lakutsogolo, lam'mwamba. Ndinalibenthula ine." Anatembenukira kukhitchini. "Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndinkamuphunzitsa njinga, ndinamusiya pamtsetse n'kuthamangira mpira. Kuyambira tsiku limenelo 's' aliyense ankatuluka ndi mluzu. Kusukulu ankamutcha Ketulo. Ine mluzu umenewu ndagona nawo nyumba imodzi zaka khumi, alamu, ndingaudziwe ngakhale pakati pa msika."

Ndinayang'ana akazi anga. Mano amenewo ndakhala ndikuwaona zaka makumi awiri ndi ziwiri, oyera, ofanana, opanda chilema.

"Ndinakonzetsa nditangoyamba ntchito," anatero, dzanja lili pakamwa.

"Simunandiuzepo!"

"Mukanafunsira Ketulo inu?"

Ndiye kuti ine, katswiri wa makutu, ndinawapeza akazi anga tsiku loyamba lomwe kwa a Waya, n'kuwatcha vuto la makina. Ndinasankha ampulifaya yowafufuta, ndinaifungata, ndinaiwotchera jekete. Ndinawapukuta ndi sipiriti, ndinawatsuka ndi sopo kuti achoke. Ndinayamba kuseka, ndipo ndinaseka mpaka kugwira khoma.

Akazi anga anali atanena kuti savala. Koma alamu ananyamuka pampando, chinthu chimene sindinaonepo akuchitira munthu aliyense, ndipo mlongo wawo anabwera akupukuta m'manja mouma kale. Anakhala. Achimwene awo anawaveka okha mahedifoni, akusamala tsitsi. Ndinadina.

Anamvera gitala nkhope ili gwa. Anamvera wotsogolera nyimbo akudandaula. Kenako maso awo anatseguka kwambiri.

"NDINE!" anakuwa, mpaka galu wa aneba anayamba kuuwa. "Ndi ine ameneyu! Tamverani! Bambo, tamverani!" Ankaloza khutu lawo lakumanzere ngati ife tingamve nawo. "Anandikankhira kukhoma koma ndinalowabe! Ndilimo! Bwezerani!"

Ndinabwezera, ndikudumpha ngati mwana. Alamu anayamba kulira ngati ambulansi yawo, akuzungulira tebulo. Akazi anga ankaimba nawo tsopano, sopo wasowa, sindisamba, ndi mawu aakulu omwe aja amene anawaimikitsa kumapeto, ndipo aneba anatuluka kudzaona ngati kwathu kwapsanso china. Ndinawakwezera dzanja pawindo kuti zonse zili bwino, koma sindikudziwa ngati anakhulupirira, chifukwa ndinkakweza dzanjalo ndikuvina.

Anaimvera kanayi. Kachinayi sanaimbe nawo, ankangokhudza dzino lija ndi lilime. Itatha anavula mahedifoni, maso ali onyowa, n'kuyang'ana achimwene awo.

"Za dzino ndinakhululuka kalekale, achimwene," anatero. "Koma zaka zonsezi?"

 Alamu anachotsa kathonje kaja kuseri kwa khutu n'kukaika m'thumba.

"Nyimboyi sindinaimverepo mpaka kumapeto, mlongo wanga," anatero. "Ngakhale kamodzi."

Anatambasula manja onse awiri kupempha mahedifoni. Mpando sanaufune. Anakhala pansi, pafupi ndi mapazi a mlongo wawo, n'kundiuza kuti ndiyambitse pachiyambi.